Mango Amene Ali pa Mchombo Wanga

Lachinayi lapitali, sikisi koloko m'mawa, ndinabereka mwana wanga Tadala kumbuyo n'kunyamuka kwathu ku Khuyu wapansi. Amuna anga anandituma ku Mbungo kuti ndikaonetse a Chirwa, odula mitengo, mango amene malemu mayi anga anasiya, kuti akawadule. Nkhuni zowambira nsomba za utaka zinali zitatha. Sindinawauze amuna angawo kuti pansi pa mtengowo ndi pamene anakwirira mchombo wanga. Ine pakamwa m'polemera.

Cha m'ma seveni, nditapitirira Yofu, ndinaona mayi wina wa ku India amene amagwira ntchito ya unamwino pachilumba pano. Anali atavula nsapato pansi pa mlambe, chipumi atagunditsa pathunthu, akuimba chapansipansi. Ndinayesa mutu ukuwawawa.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?" anatero, Chinyanja chawo chopindikapindika.

"Ndadzuka. Pepanitu, mukupempha mvula?"

Anaseka. "Ndi ndakatulo ya kwathu. Olakatula akale ankati mtsinje ndi mayi, mtengo ndi m'bale, ndipo Mulungu sakhala m'kachisi mokha."

"Nanga mumaphikira chiyani?"

"Nkhuni zomwezi. Koma timayamba taufunsa mtengowo."

"Umayankha?"

"Mukaima nthawi yaitali, mumamva."

Ndinawagawira chinangwa chophika, Tadala akulimbana ndi ndolo zawo. Njira yonse yotsala ndinkayang'ana milambe ngati anthu amene ndakhala ndikuwadutsa osapereka moni.

Ndinafika ku Mbungo naini itadutsa. A Chirwa anali akunola nkhwangwa.

"Mwachedwa, mayi a Tadala! Nkhwangwa yamva njala."

Ndinavula mapatapata n'kugwira thunthu la mango aja. Ndakatulo ndilibe, ndiye ndinangoima. Mbuzi inandiyang'ana. Mawu sindinamve, koma ndinakumbukira mayi akusenda mango ndi mano, akundipatsa.

"Dulani nthambi zouma zokha," ndinatero.

"Amuna anu anati wonse."

"Mchombo uli pansipa ndi wanga, si wawo."

A Chirwa anatsamiritsa nkhwangwa pamwala. "Osanena kale bwanji? Wa mchombo ine sindidula."

Pobwerera ndinakwera boti la injini pa K1,500, ndi mitolo iwiri ya nkhuni komanso kambande kamene kanamera pansi pa mango aja.

M'mawa mwake ndinawauza amuna anga zonse. Anayang'ana mitolo ija, yongokwana masiku atatu. Kenaka anafunsa: "Nanga mchombo wa Tadala munakwirira pati?"

Ndinawalozera kuseri kwa nyumba. Iwo anakumba, ine ndinabzala kambande kaja.