Makuki a M'foni ya Ometa

Ometa a pakona ankadziwika ndi lumo lakuthwa komanso kukonda mpira, koma zobetcha pa intaneti ankabisira akazi awo.

Loweruka lina timu yawo itapambana, anasiya kasitomala ali ndi thovu kumaso n'kuthamangira kunyumba, kumene anaiwala foni. Anapeza akazi awo akuyang'anamo masitayilo a madiresi, tsamba lililonse litadzaza zotsatsa kubetcha.

"Bambo, foniyi ikukudziwani bwino," anatero mayiwo. "Ndangodina kamodzi, yandilowetsa mu akaunti yanu, nambala yolipirira ili poyera."

Mlamu wawo wokonza mafoni, amene anabwera kudzacheza, anafotokoza kuti amenewo ndi makuki, timafayilo timene tsamba limasiya m'foni kuti lizikumbukira munthu. Ometa anamuuza kuti awafufute onse pompo. Atafufuta, tsambalo linafunsa mawu achinsinsi, amene iwo anawaiwala kalekale. Ndalama zomwe anapambana pobetcha zinatsekeredwa m'katimo.

Mayi analanda foni n'kulemba dzina lawo la pautsikana. Akaunti inatseguka. Ometa anavina mpaka kugwetsa mpando, mayi akuseka.

"Vinani, bambo, koma nkhaniyi tikambirana."