Masiku Atatu Osazimitsa Makina a Bambo Zgambo

A Cornelius Zgambo a kwathu kuno ku Kaluluma ndi mlimi wa fodya ngati anzawo onse, koma mukafunsa njira ya kwawo, aliyense amakuuzani kuti, "Mukunena kwa a Sampula." Dzinali linachokera ku makina awo oimbira, omwe amakhala pa tebulo la pabalaza atafunditsidwa chitenje, ndipo amapukutidwa fumbi kawirikawiri kuposa mbale za alendo.

Makinawo anawapeza ali mnyamata, akugwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Nkhamenya. Esitetiyo itatsekedwa, mwini wake anagawira antchito katundu wotsala. A Cornelius anauzidwa kuti asankhe pakati pa wilibala ndi chibokosi cholemera chokhala ndi makiyi ngati a limba, chomwe mwana wa bwanayo anachisiya. Anasenza chibokosi. Akazi awo, mai Lefina, anayang'ana chibokosicho, nayang'ana mtunda wopita kudimba, ndipo sanawalankhule masiku awiri.

Sampula ndi makina amene amagwira mawu alionse omwe mwawapatsa n'kuwaika pa makiyi, kuti mukadina azituluka. Khalidwe lake loipa ndi limodzi: mukangozimitsa amaiwala zonse, ngati ana anga a Sitandade 5 akamachokera kutchuthi. Choncho mawu amasungidwa pa timadisiki, ndipo nthawi iliyonse mukayatsa mumayenera kuwakumbutsanso powawerengetsa kadisikiko.

Kwa zaka makumi atatu a Cornelius ajambula chilichonse chomveka m'dera lino. Ali ndi ng'oma ya kwaya, kulira kwa ngolo yopanda girizi, belu lakale la sukulu yathu, ndi mkonono wa mlamu wawo, womwe mwini wake amaukana mpaka lero. Amaimba pa maukwati ndi pa tsiku lotsekera sukulu, atavala jekete ngakhale mu Okutobala.

Koma kadisiki koposa tonse kanali ka nthungululu ya mai Lefina. Ali mtsikana, nthungululu yawo inkachoka patchalitchi n'kukamveka kuchigayo, makina ogaya akuyenda. Amuna awo anaijambula pa ukwati wina, isanayambe kutha. Pano mano akutsogolo anachoka ndipo pakhosi panatopa. Akayesa pamatuluka kamluzu, agalu n'kubwera akugwedeza michira.

Chaka chatha mwana wawo Elube, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, anapeza mwamuna dzina lake Lucious, ndipo ukwati unaikidwa mu Julayi. Mai Lefina ananeneratu.

"Mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Sangatuluke m'tchalitchi ndi nthungululu za anthu ena mayi ake ali pomwepo. Bambo a Elube, yanga ija imveke."

"Musadandaule," anatero a Cornelius. "Ili pabwino."

Kutatsala masabata atatu, kachipangizo kowerenga madisiki kanayamba kukukuta ngati khoswe ali m'nkhokwe. A Cornelius anakwera minibasi makina ali pamiyendo, kupita kwa Yassin, yemwe amakonza mawailesi ndi makompyuta pa Boma.

"Madala, aka kakutsanzika," anatero Yassin atatsegula. "Ndikanyengerera kuti kawerenge komaliza, tisamutsire mawu anuwa kwina. Kosungira kulipo kuwiri. Pali kamakono kogwiritsa ntchito kakhadi ngati ka mufoni. Magetsi ake n'ngochepa moti simungadziwe kuti kakudya. Koma n'koitanitsa kunja, mwezi ndi theka."

"Ukwati uli pa masabata atatu."

"Ndiye katsala ndi aka." Anatulutsa dilaivi ya mukompyuta yakale, yolemera ngati njerwa. "Koma ndikuuzirenitu, iyi imadya. Ikamazungulira imadya ngati mababu anu anayi. Podzuka imafuna ngati khumi ndi awiri nthawi imodzi. Makina anuwa sanapangidwe kuti azidyetsa chinthu chotere."

"Ndinaleratu anyamata atatu," anatero a Cornelius. "Ikanimo."

Pa magetsi a pa Boma dilaivi inadzuka atayesa kachitatu, ndipo mawu onse anasamuka bwinobwino. Koma kunyumba kwa a Zgambo kuli sola imodzi padenga, batire limodzi ndi kainveta, kotumiza magetsi a batire ku soketi. Atayatsa, dilaivi inayamba kung'ung'udza, kagalasi ka makina kanachita mdima, inveta inalira, zonse n'kuzima. Anayesa masiku ambiri. Anabwereka batire la galimoto ya neba, osathandiza. Anaipempha dilaiviyo mwaulemu, kenako anaikalipira m'Chitumbuka. Mitambo ya Julayi nayo inangoti bii tsiku ndi tsiku.

Lachitatu la sabata ya ukwati anandiitana, poti ndimaphunzitsa masamu. Ndinawerengera kuseri kwa kalendala n'kuwauza kuti mwayi ulipo umodzi: masana enieni, dzuwa lili pamutu, batire litadzaza, china chilichonse m'nyumba chitazulidwa. Tinazula wailesi, mababu ndi foni ya mai Lefina, yomwe anaipereka ngati akupereka mwana kuchipatala. Tinakhala pakhonde n'kumayang'ana kumwamba. Itangokwana 12 koloko mitambo inang'ambika, ndipo a Cornelius anathamangira m'nyumba. Dilaivi inang'ung'udza, inazengereza, kenako inagwira liwiro. Anadina kiyi yomwe anamatapo kapepala, ndipo nthungululu inadzaza nyumba yonse mpaka malata ananjenjemera.

"Ndine ameneyo," anatero mai Lefina ali pakhomo, atagwira pachifuwa.

"Asakhudze munthu," anatero amuna awo. "Makinawa sazimanso mpaka Loweruka. Mwayi wotere subwera kawiri."

Ndinabwereranso ku kalendala yanga. Makina paokha batire likanawasunga mpaka dzuwa litatulukanso. Koma pamodzi ndi dilaivi, yomwe inkangozungulira osagwira ntchito iliyonse, batire likanatha tambala asanalire. Tinaimbira Yassin pa foni yanga.

"Mawuwo alowa kale m'mutu mwa makina," anatero. "Dilaivi yamaliza ntchito, ikungodya zaulere. Tsegulani chivindikiro, muzule kapulagi koyera ka mawaya anayi."

"Makina ali chiyakire?"

"Munthu wina sindikanamulangiza zimenezo. Koma inu mwatsala ndi njira iti? Musangokhudza china chilichonse mmenemo."

A Cornelius anatsegula chivindikiro. Anatambasula dzanja, nalibweza. Anavula jekete. Anatambasulanso, nafunsa ngati sikungakhale bwino kuyamba tapemphera. Mai Lefina anadutsa pakati pathu, napisa dzanja, nazula.

"Kuzula n'kwa ife olima mtedza," anatero.

Dilaivi inatonthola pang'onopang'ono. A Cornelius anadina kiyi maso ali chitsinzinire, ndipo nthungululu inamveka.

Masiku otsatirawo nyumba ya ukwati inakhala yopanda magetsi. Abale anafika kuchokera ku Mzimba ndi ku Lilongwe mafoni atazima, napeza mwini nyumba atakhala pampando kutsogolo kwa soketi, manja atapinda. Azakhali ake a Elube anayesa kuzembetsa chingwe chawo pansi pa tebulo pomwe a Cornelius anapita kuseri. Pobwerera a Cornelius anawagwira.

"Achimwene, mphindi zisanu zokha. Ndingofuna kudziwa ngati ana adya."

"Adya. Ndikuwadziwa ana anu."

Katatu pa tsiku ankakwera padenga kutembenuza sola kuti iyang'ane komwe dzuwa likanakhala likanakhalapo. Ola lililonse ankadina kiyi kuti atsimikize kuti mawu akadalimo. Apa mudzi unasokonezeka. Lachinayi amayi atatu anafika akuthamanga kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Lachisanu bambo wina anabwera atavala tayi, mbale ili m'thumba, akudandaula kuti bwanji ukwati ausuntha osamuuza. Ana anga kusukulu, amene amamva nthungululuyo ali m'kalasi, anayamba kuimirira ikangolira poganiza kuti phunziro latha, ndipo kunena zoona nthawi yake inkagwirizana.

Loweruka makina anayenera kupita kutchalitchi ali chiyakire. Anayala matilesi m'ngolo, nagoneka makina pakati. Batire linali pakati pa mawondo a a Cornelius, ndipo amalume ake a mkwati, omwe anangobwera kudzapereka moni, anapezeka ataimirira m'ngolomo atanyamula sola pamutu. Pa bampu iliyonse a Cornelius ankaimitsa ng'ombe n'kutsika kukaona njira. Elube anafika patchalitchi pa galimoto, nadikira bambo ake ola lathunthu kuti adzamupereke. Ngolo inaima pakhomo, amalume aja n'kuuzidwa kuti asasunthe.

Mai Lefina anali atayenda kale kwa amayi onse kuwapempha kuti akwati akamatuluka, aliyense agwire pakamwa mpaka yawo itamveka. Amayiwo analemekeza pempholo. Mwambo utatha Elube ndi Lucious anatulukira pakhomo, ndipo anthu mazana awiri anangoti zii, kuyang'ana kungolo.

A Cornelius anakwera, nakweza chala, napeza kuti kapepala kaja kanagwa m'njira. Makiyi onse anali oyera mofanana. Anasankha yakumanzere. Pa makina amenewa makiyi akumanzere amatsitsa mawu n'kuwakoka, choncho chomwe chinatuluka chinali kubuula kwakutali, konenepa. Ng'ombe imodzi ya pangolo inatembenuka n'kuyankha. Anthu anayesetsa kudzigwira, koma abusa ndiwo anayamba kuseka. A Cornelius anathawira kumapeto a kumanja, ndipo kunamveka kulira ngati kwa udzudzu. Nthawi yomweyo inveta inayamba kulira kuti batire likutha.

Mai Lefina sanaseke. Anakwinya chitenje chawo chatsopano, naponda tayala, nakwera m'ngolo.

"Sunthani. Zaka zonsezi simudziwa pomwe pali mawu a mkazi wanu?"

Anali asanadinepo makinawo chiyambire. Anayambira pakati n'kumadina kiyi imodziimodzi, khutu atalipendeketsa. "Uyu si ine. Uyu ndi mayi anga. Uyu ndi ine ndili ndi chimfine." Pa kiyi yachinayi anaima, naweramuka, nayang'ana mwana wawo, n'kudina ndi chala chonse.

Inamveka mmene inkamvekera kale. Elube anaphimba nkhope ndi maluwa, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikudziwa ngati ankaseka kapena kulira. Mayi ake anadinanso kachiwiri ndi kachitatu. Kenako anakweza dzanja, amayi onse n'kumasula zawo pamodzi, moti palibe amene anamva pamene makina anazima.

Kachipangizo ka kakhadi kaja anakaitanitsabe, ndipo kanafika mu Ogasiti. Yassin anakaikamo, ndipo tsopano makina amadzuka ngakhale kuli mitambo, mafoni atatu ali pa soketi. A Cornelius akuimbabe pa maukwati atavala jekete lawo, koma oitana amafunsa kaye ngati mayi abwera nawo. Pa makiyi pali imodzi yopakidwa utoto wofiira wa m'zikhadabo. Nthawi yotulutsa akwati ikakwana, a Cornelius amaimirira okha osauzidwa, n'kupatsa akazi awo mpando.