A Ndikudziwa ndi Kachitini ka Alamu Awo

Mukadzakumana ndi bambo woyankha inu musanamalize kulankhula, dziwani kuti mwawapeza a Ndikudziwa. Eee, bambo amenewa! Dzina lawo lenileni linatayika kalekale, ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana lomweli. Kale munkangoti, "Bambo, kumbuyo kwa njinga yanuko..." iwo, "Ndikudziwa!" osatembenuka n'komwe. Kumbuyoko thumba labooka, tomato akugubuduzika msewu wonse.

Ntchito zimene agwirapo, abale, n'zosayamba. Anametapo anthu pansi pa mtengo mpaka tsiku lomwe anachotsa nsidze ya aphunzitsi. Anasokapo nsapato. Anawetapo nkhuku zoikira mazira, koma zitakula zonse zinayamba kokoliliko m'mawa, atambala okhaokha! Wogulitsa anapiye uja ankafuna kuwauza, iwo n'kumudula pakamwa. Komatu si munthu woipa ayi. Ndi wamfupi, wa mapewa ngati chitseko, amaseka ndi mimba yomwe, ndipo akapeza mwana akulira panjira amamuika paphewa mpaka kwawo. Vuto ndi makutu basi. Amatsekeka msanga.

Ntchito imene inadzawakhala ndi yodula mitengo, ndipo inabwera ndi maliro. Alamu awo, amuna a achemwali awo aakulu, ndiwo anali odula mitengo, ndi makina aja a injini, okoka chingwe, a tcheni cha mano chozungulira pa chitsulo chachitali. Alamuwo atamwalira, makina anagona pansi pa bedi atakulungidwa m'chiguduli. Anthu anabwerapo kuti awagule, achemwali kukana. Ankati m'mawa uliwonse amuna awo ankayamba awaliza pakhonde asanapite ku ntchito, ndiye m'nyumba monsemo chotsala chokhala ndi mawu chinali chimenechi.

Koma nkhuku zija zitatha, ana a Ndikudziwa atayamba kupita kusukulu ndi nsapato zoyasamula, achemwali anamva chisoni. Anaitanitsa a Ndikudziwa.

"Iwe, khala pansi. Makinawa ndikukubwereka, sindikukupatsa. Wamva? Alipo ambiri m'masitolo, koma amene anagwiridwa ndi manja a alamu ako ndi awa okha."

"Ndikudziwa, achemwali."

"Nachi chigubu chofiira, naka kachitini. Ukuwona mzere anaukanda ndi msomaliwu? Oyilo wosakaniza afike pamenepa, kenako..."

"Ndikudziwa, ndikudziwa! Kachitini kamodzi. Ndinkawaona alamu akuthira."

Achemwali anawayang'ana, n'kumeza mawu otsalawo. Ndiye mvetserani bwino, poti nkhani yonse yagona apa. Makina amenewa samwa petulo yekhayekha ngati galimoto. Oyilo wofewetsa zitsulo za m'kati amalowera limodzi ndi petuloyo. Kachitini kamodzi kaja alamu anakayeza kuti kakwanire chigubu chofiira chija, chaching'ono, chodzaza. Chimenecho basi, osati china!

Poyamba zinayenda, koma ndiye zinayenda! A Ndikudziwa anagula chipewa, nagula magalasi otchinga utuchi, kuyenda kwawo kunasintha. Ndipo anayamba chizolowezi chokoma kwabasi. M'mawa uliwonse ankadzera pa geti la achemwali, makina pansi, phazi pa chogwirira, chingwe kamodzi kokha, gwedee, vuuuuum! Agalu kuthawa! Achemwali ankatuluka ndi tsache m'manja.

"Iwe, ukundidzutsira adzukulu! Choka apa ndi phokoso lakolo!"

Koma ankaima pomwepo, tsache lili chilili, kumvetsera mpaka makina atazimitsidwa. Pobwerera m'nyumba ankapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, pakamwa pali kumwetulira. A Ndikudziwa ankaziwona zimenezo, ndipo tsiku lonse ankayenda ngati wakhuta.

Tsono kuzolowera kunayamba.

Choyamba chinali oyilo wa tcheni, amene ali ndi kathanki kakekake. Utatha umene anasiya alamu, a Ndikudziwa anapita ku galaja n'kukatunga wakuda bii, wotsanulidwa m'magalimoto, uja amatayira kuseri. Ati oyilo ndi oyilo. Tsiku limenelo anabwera kunyumba nkhope yonse madontho akuda.

"Mayo ine, nkhanga yalowa m'nyumba!" anakuwa akazi awo. Ana kugubuduka ndi chiseko. Iwonso anaseka nawo, osadziwa kuti matope a oyiloyo ayamba kutseka kabowo kodonthezera pa tcheni.

Chachiwiri chinali sefa. Pansi pa chivindikiro cha injini pamakhala kasefa ka mpweya, konga siponji, kamene kamagwira fumbi ndi utuchi kuti zisalowe m'kati. Kakadzaza umakachotsa, kukatsuka ndi sopo, kukayanika, kukabwezera. Ntchito yoti ngakhale tiyi sanazizire yatha. Makina atayamba kubanika, a Ndikudziwa anatsegula, n'kukapeza kali phaa ndi utuchi.

"Ndiye amenewa apuma bwanji? Inuyo mungathamange ndi nsanza pamphuno?"

Anakazula n'kukaponya pawindo la kukhitchini. Chingwe, vuuum! Makina analira mokweza kuposa kale, iwo n'kumenya pachifuwa. Akazi awo atakawona kasiponji kabwinobwino pawindo, anakachapa n'kuyamba kutsukira makapu. Ati kamachotsa bwino madontho a tiyi!

Chachitatu ndicho chinamaliza zonse. Ntchito zitachuluka, a Ndikudziwa anatopa n'kupita pafupipafupi komwetsera mafuta ndi chigubu chaching'ono chija. Anapeza chigubu chachikasu, chachikulu, choti mwana akhoza kubisala kumbuyo kwake. Anachidzaza petulo. Anatenga kachitini ka alamu, nayeza oyilo mosamala zedi, diso limodzi atatsinzina, mpaka pamzere weniweni wa msomali. Thii m'chigubu chachikasu. Kamodzi, monga mwa lamulo!

Akazi awo anasuzumira. "Abambo ake, kale mukasakaniza mafuta ankaoneka obiriwira. Leroli bwanji akungooneka ngati madzi?"

"Ndikudziwa. Ndi mthunzi wa chigubu umenewo."

Ndiye kunabwera ntchito yaikulu. Pamsewu wa masitolo panali chimtengo chakale chimene chinapendekera pa denga la atelala, ndipo mphepo ikawomba atelalawo ankasoka maso ali kumwamba. Anaitana a Ndikudziwa. Tsiku lake anthu anadzaza ngati kuli mpira. Ogulitsa nthochi anasamutsa madengu kuti awone bwino, ometa anasiya munthu mutu uli theka. Zingwe zinamangidwa kumtunda, amuna anagwira kuti akokere mtengowo kubwalo kopanda nyumba.

"Bambo, mwaunguza bwino mbali yogwera?" anafunsa atelala, tepi ili m'khosi.

"Ndikudziwa, atelala. Inu kasokeni!"

Chingwe kamodzi, vuuum! Anthu m'manja, wa-wa-wa! Nthambi zinagwa bwinobwino. Kenako analowa pa thunthu. Utuchi unkatuluka ngati mvula, n'kumalowanso mu injini mopanda choutchinga. Tcheni chouma chinayamba kufuka utsi. Makina anayamba kulira mawu opyapyala, okwera, ngati mwana wa mbuzi wapanidwa pachitseko. Fungo la chitsulo chopsa linafika mpaka kwa ogulitsa nthochi.

"Bambo, akununkhatu amenewo!"

"Ndikudzi..."

Khweee. Zii.

Abale, chete wake uja! Mbalame zinamveka. A Ndikudziwa anakoka chingwe. Gwa! Anakokanso ndi manja awiri, chingwe osasuntha ngakhale pang'ono, ngati achimata ndi simenti. Anati asolole makina, mtengo unali utakhala kale pa chitsulo chija n'kuchiluma. Thunthu lodulidwa theka, chimtengo chikulira kweee, kweee, pamwamba pa denga la atelala.

"Tsono pamenepa mukudziwa chiyani?" anafuula ometa. Chiseko chinaphulika msewu wonse.

"Makina anga osokera! Nsalu za eni ake!" Atelala anali kutulutsa katundu akuthamanga, diresi laukwati lili pamutu.

Zoseka anthuzo sizinawapweteke kwenikweni a Ndikudziwa. Chimene chinawapweteka n'choti anagwira injini ndi dzanja, n'kumva kutentha kwake kukuchepa pang'onopang'ono, ndipo anakumbukira chiguduli chija pansi pa bedi. Anavula magalasi aja n'kuwabisa m'thumba. Anamasula injini pa chitsulo, nabwereka nkhwangwa, n'kumaliza mtengowo ndi manja, osayang'ana munthu kumaso. Unagwa kubwalo dzuwa litapendeka, denga linapulumuka, koma palibe anawomba m'manja. Zikhatho zawo zinali matuza okhaokha.

M'mawa mwake pa geti la achemwali sipanalire kanthu. Mawa lakenso zii. A Ndikudziwa ankazungulira njira yakuseri, yodutsa kudzala, makina atawakulunga m'bulangete ngati wodwala, mpaka anakafika nawo kwa amakaniki okonza njinga zamoto. Ankati akonzetse mwakachetechete. Mwakachetechete, nkhani yoti msewu wonse unawonerera!

Amakaniki anali atangotsegula injini pabenchi pamene pakhomo panada. Achemwali! Kumbuyo kwawo akazi a Ndikudziwa, maso pansi. A Ndikudziwa anaimirira, nakhalanso, navula chipewa.

"Pitirizani, amakaniki," anatero achemwali. "Ine ndabwera kudzazonda matenda."

Amakaniki anatulutsa pisitoni, kachitsulo kamene kamakwera n'kutsika m'kati mwa injini. Kanali kokandikakandika ngati kalimbana ndi mphaka.

"Yapsa iyi, yagwirana ndi khoma lake. Nanga utuchi wonsewu walowa bwanji? Sefa ili kuti, bambo?"

A Ndikudziwa anayang'ana denga. Akazi awo anapisa dzanja m'chikwama, pang'onopang'ono, n'kuika pabenchi kasiponji konyowa, konunkhira sopo wa mbale.

"Ine sindinkadziwa, alamu," anatero kwa achemwali. "Ndinkangoti ndi kotsukira."

Amakaniki anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atapezanso mpweya, anathira mafuta a m'thanki pachikhatho, nawatikita ndi zala, nanunkhiza.

"Muli oyilo muno?"

"Alimo!" Apa a Ndikudziwa mawu anabwerera. "Kachitini kamodzi, pamzere penipeni, ngati mmene ankachitira alamu. Pamenepo pokha sindinalakwitse."

"M'chigubu chiti?" anafunsa achemwali.

Sanakweze mawu ayi. Anangofunsa basi. A Ndikudziwa anatsegula pakamwa, ndipo munkachita kuwona nkhope yawo ikusintha, chigubu chofiira mbali iyi, chachikasu mbali iyo, kachitini kali pakati. Pakamwa panatsekeka pokha.

"Chachikasu," anayankha akazi awo motsitsa.

Achemwali anatola pisitoni ija, naipukuta ndi mpango wawo, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu ako anadwala chaka chonse, koma makinawa sanachite dzimbiri. Ankandituma ndiwabweretse pabedi, aziwapukuta ali gone. Tsiku lija ndinkafuna ndikuuze za chigubu. Mawu ake anali ochepa, iwe. Ukanangodikira ndimalize."

Bwenzi atawakalipira! Bwenzi atawagenda ndi sipanala! A Ndikudziwa anangoti zyoli, akupotokola chipewa, dontho likulendewera pamphuno, bambo wamkulu wa ana ake.

Makina anakonzedwa. Njinga ya a Ndikudziwa ndiyo inapita kuti pisitoni yatsopano ibwere, ndi sefa yatsopano, ndi oyilo woyera wa tcheni. Tsiku lowatenga anapita nawo molunjika kwa achemwali. Achemwaliwo anatulutsa chigubu chofiira ndi kachitini, nakhala pakhonde, n'kuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi: oyilo pamzere, petulo theka, khutchumula, dzaza, khutchumulanso, usasunge osakaniza mpaka akalambe, sefa uzitsuka usanadye chamadzulo. Anafotokoza mpaka kumapeto. Ndipo a Ndikudziwa, khulupirirani, anakhala duu, manja pamawondo! Adzukulu anachita kusuzumira pawindo kuti awone ngati ndi agogo omwe aja.

"Liza tsono."

Phazi pa chogwirira, chingwe kamodzi, vuuuum! Analira bwino zedi, mosalala. A Ndikudziwa anacheuka mwachangu kuti awone nkhope ya achemwali. Achemwali anapendeketsa mutu, kumvetsera, kumvetsera. Kenako anakweza dzanja kuti azimitse.

"Akulira, inde. Koma si mawu aja."

Anatola tsache.

"Uzigwirabe ntchito, ana adye. Makina azigona kuno, mafuta ndizisakaniza ndine. Koma pageti panga usamawalizirepo. Uzikawalizira kutali uko."

Mpaka lero, mukadzuka m'mawa mudzawaona. Amagogoda pa geti la achemwali chipewa chili m'manja, amalandira makina ndi chigubu chofiira chosakaniza kale. Njinga palibe, ndiye makina paphewa, wapansi. Amadutsa nyumba ya achemwali mwakachetechete, kudutsa mpope wa madzi, kudutsa sitolo ya atelala maso ali pansi, kukhota pa ngodya. Akafika kuseri kwa galaja amaima, n'kucheuka kuti awone ngati denga la achemwali labisika. Likabisika, m'pamene amaika makina pansi n'kugwira chingwe.