Ngodya Imene Sindinatchule

Kwa zaka zambiri, buku la kalabu yathu ya alimi ku Nsaru linali mutu wangawu. Wofuna kudziwa za mbewu kapena za mankhwala ankabwera kwa ine. Kenako anthu anasankha Mayi Nabanda kukhala mlembi. Iwo anabwera ndi chipepala chachikulu chojambulidwa mivi, chosonyeza kumene mbewu imadutsa ikachoka kumunda, amene amadziwa za gawo lililonse, ndi ntchito imene ingaime munthuyo atadwala. Anthu anaomba m'manja. Ine sanandiomberepo ngakhale tsiku limodzi.

"Abambo Phiri, tiuzeni zonse za nyumba yosungiramo mbewu kuti tilembe," anatero mayiwo.

Ndinawauza za makoswe ndi za loko wovuta wa pachitseko. Koma za ngodya yakumadzulo, imene imalowa chinyontho mvula yoyamba ikangogwa, ndinangokhala duu. Ndinkafuna kuti tsiku lina adzagogode kwathu, adzandifunse.

Sanabwere. Anasanja matumba a mbewu ya mtedza pangodya yomweyo, ndipo atatu anachita nkhungu tisanadzale.

Pamsonkhano Mayi Nabanda anaimirira nati, "Cholakwa n'changa, sindinafunse za chinyontho. Abambo Phiri, nanunso simunkadziwa, eti?"

"Ayi ndithu, zachilendo zimenezi," ndinayankha ndikupukusa mutu ngati wachisoni.

Anatenga cholembera n'kuwonjezera chenjezo pachipepala paja. Ngodyayo ndinaidziwa ine kalekale, koma lero alimi onse amati anaitulukira ndi Mayi Nabanda, ndipo sindingatsutse.