Chigubu cha kumwendo kwanga

Kwathu ku Nsefu njovu zikaponda m'matope nthawi ya dzinja, mapazi ake amauma n'kusanduka maenje. Ine ndinagwera m'dzenje lotere ndi njinga, thumba la thonje lili kumbuyo. Fupa la ntchafu linathyoka. Ndinalimva kulira kwake.

Kuchipatala anandijambula. Adokotala anaimika chithunzi pawindo. Fupa linali litaduka pawiri, zidutswa zitapitirirana. Anati aliwongola polikoka. Likakana, mwendo ufupika, ndipo za njinga ndiiwale. Munthu wa kwathu wopanda njinga ndi mkaidi.

Anaboola kumunsi kwa bondo, kulowetsa kachitsulo, kumangirira chingwe. Chingwecho chinadutsa kumapazi kwa bedi. Kumapeto kwake kunalendewera chigubu chachikasu, chodzaza madzi. Ntchito yanga inali kugona.

Wondidikirira anali mkazi wanga. Mayi ameneyu analeredwa bwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Kwathu munthu akafika atasenza, umamuchingamira n'kumulandira katundu usanamupatse moni. Iye sangapirire kuona mnzake atalemedwa, iye manja ali lende. Chigubucho anachiyang'ana ngati wakuba.

"Bambo ake, munthu wodwala n'kumusenzetsanso madzi?"

"Ndi mankhwala."

"Mankhwala amamwa."

Anamwino atatuluka, iye anakankhira mpando pansi pa chigubu. Chingwe chinakhwepa. Ine ndinakuwa. Anamwino anabwera chothamanga, kuchotsa mpando, kukalipa, n'kumapita.

"Mwaona," anatero mkazi wanga. "Chimakupwetekani."

Kutsutsana naye kumafuna miyendo yonse iwiri.

Mpando sanaukhudzenso. Ndinati wamva. Kunja kunkatentha, ine masana ndinkangosinza. Chimene chinkandidabwitsa ndi mbale zathu. Zinkatsukidwa msanga, mpopi uli kutali chonchija.

Patapita masabata anandijambulanso. Adokotala anayang'ana chithunzi, anayang'ana mwendo. Kenaka anawerama n'kunyamula chigubu ndi chala chimodzi.

"Mayi, madzi apita kuti?"

"Ndimangopungulako pang'ono pang'ono, adokotala. Amaoneka otopa."

"Atopa ndi chiyani? Si angogona awa?"

"Inu simuwadziwa. Awa sadandaula."

Adokotala anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kudenga.

Fupa linali litayamba kugwirana mopitirirana muja. Anatitumiza ku Chipata kukachitidwa opaleshoni. M'galimoto mkazi wanga sanalankhule njira yonse. Zimenezi sindinazionepo chikwatirane. Anangogwira chala changa chakuphazi mpaka kukafika.

Kumeneko anandibaya jakisoni pamsana. Kuchokera m'chiuno kutsika ndinafa. Makutu okha anali moyo. Ndinkamva akukhoma ngati akukonza ngolo. Fupa lija analithyolanso, kuliwongola, n'kulowetsa chitsulo chachitali m'kati mwake.

Nditabwerera pabedi, mkazi wanga anazungulira kumapazi. Sanapeze cholendewera. Anafunsa anamwino ngati chitsulo cham'katicho n'cholemera. Anamwino anali atamva kale mbiri yathu. Anati, "N'chopepuka ngati supuni, mayi. Ndipo kumene chili simungafikeko."

Ndinayenda ndi ndodo ziwiri, kenaka imodzi. Tsiku londiyeza, mwendo unapezeka wofupikirapo ngati kunenepa kwa chala. Anati ndingowonjezera nsapato. Za njinga anati ndikayese ndekha fupa likalimba.

Kunyumba mkazi wanga anapeza tayala lakale. Anadula yekha ndi mpeni, kukhomera kunsi kwa nsapato yanga. Anadulako kawiri, poyamba analakwitsa phazi. Chimanga chitauma anatulutsa njinga, kuipukuta, kuiimika pabwalo.

"Kwerani tione."

Ndinakwera. Bondo linakana, kenaka linalola. Ndinakafika pamtengo wa msikizi n'kubwerera osagwa. Ndinamupeza ataima pomwe paja, manja ali pakamwa.

"Mukupendekeka," anatero.

"Ndinkapendekeka kale."

"Ndiye mawa mupite kuchigayo."