Nsomba Yachikasu ya ku Marina

Fungo la mchere ndi nkhono za m'nyanja linali losachoka m'manja mwa bambo anga m'chilimwe chomwe ndinakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu inali itatsekera, kunja kukutentha ngati mu uvuni, ndipo mayi, omwe anali namwino, ankagwira ntchito tsiku lonse. Choncho m'mawa uliwonse ndinkanyamuka ndi bambo ku Al Nahda, komwe tinkakhala, kukwera sitima ya Metro mpaka ku Marina, dera la m'mbali mwa nyanja, kumene anali atangolembedwa ntchito yosamala thanki yaikulu yagalasi ya nsomba pahotela ina.

M'thankimo munali kansomba kachikasu, kophwatalala ngati tsamba, ka zipsepse zakuda ndi mzere wakuda wodutsa padiso. Bambo anati ndi nsomba ya gulugufe. Kwawo m'nyanja zimayenda ziwiriziwiri, zikumajompha tizilombo tofewa tomwe timamanga matanthwe a korali. Kanzake ka kansomba kathuka kanafera panjira pobwera kuhotelako, ndipo kotsalako kanali katatha sabata kosadya, kakungobisala kuseri kwa mwala. Bwana wa pahotelapo anaima pagalasi, nagwedeza mutu. "Khalas, basi, ikafa imeneyi tikambirana," anatero.

Bambo anayesa chakudya chilichonse, koma chinkangoyandama mpaka kumira, kansombako osacheuka. Ine ndinkakhala pansi pozizira, mphuno itagunda galasi, maola ambiri. Tsiku lina ndinawakoka malaya. "Adadi, sikayang'ana zoyandama. Kakumalowetsa kakamwa kake m'timabowo ta mwala."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa chidutswa cha korali wakufa, tinasinja nyama ya nkhono ndi supuni, n'kuimata m'timabowo take ndi zala, tikumachiika m'thankimo. Masiku awiri kansombako sikanayandikire. Lachitatu kanatuluka pang'onopang'ono, kanazungulira mwalawo, kenako kanajompha kamodzi, kawiri, osalekanso. Bambo anakhala pa ndowa, manja ali kumaso, akulira. "Yalla, tiye, idya mwanawe," ananong'ona. Pobwerera anandigulira ayisikilimu wa mango, yemwe anasungunuka ndisanafike pakati.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo analira chifukwa chokonda kansombako, ndipo ndinkadzitama kuti ndakapulumutsa. Ndili wamkulu m'pamene mayi anandiuza kuti bambo anali akadali pa miyezi yoyesedwa, atakhala chaka chathunthu osapeza ntchito. Mantha onsewo anawasenza okha, ine n'kungondisiyira gawo lokoma. Pahotelapo anagwirapo ntchito mpaka ine kumaliza sukulu.