Ma Eyiti Anayi a Wilfred Haxby

Wilfred Haxby ndamudziwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo palibe chaka chimene ndinamukonda. Ankang'amba matikiti pa sitima zapamadzi zochokera kuno ku Hull, ndipo atapuma ntchito anabwera ndi mtima womwewo patebulo la poka, juga ya makhadi, mtima woganiza kuti aliyense akufuna kudutsa osalipira.

Timasewera Lachitatu masana m'chipinda cham'mwamba cha kasino ya kudoko. Ndi tebulo la paundi imodzi, la ife okalamba. Ambiri amabwerera tiyi waulere ndi kufunda kwa m'chipindamo. Ine ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo ndikunenetsa kuti mwa anzanga asanu ndi atatu a patebulopo palibe amene amadziwa chimene akuchita. Koma Wilfred amabwera atamanga tayi, ngati akukaweruza mlandu.

Chimene ankanyadira n'chakuti akagonja saonetsa makhadi ake. Wina akangotembenuza oposa ake, iye ankaponya ake chafufumimba pamulu wa otayidwa, mwachangu ngati amuotcha. Ukamufunsa kuti anali ndi chiyani, ankati iye si mphunzitsi wa anthu osalipira. Anandiyankha choncho ine mu 2013, pamaso pa anthu.

Kasinoyo imadula kandalama pamasewera alionse n'kumaika m'thumba la mphotho. Munthu akagonja ali ndi makhadi anayi ofanana amatenga theka la thumbalo, womugonjetsayo theka la zotsala, ndipo ena onse patebulo amagawana zomalizira. Lamulo ndi limodzi: makhadi a onse awiri aoneke patebulo. Thumbalo linali litafika mapaundi 18,000, ndipo Wilfred ankayang'ana chikwangwani chake sabata iliyonse asanakhale pansi. Mwana wake wamkazi amakhala ku Australia ndi ana awiri amene Wilfred sanawanyamulepo. Dokotala anali atamuuza kuti ngati akufuna kukwera ndege ulendo wautali chotero, akwere chaka chomwecho.

Lachitatu lina anatsala awiri m'masewero, iye ndi mayi Glenda Ottley, amene kale ankagulitsa nsomba kumsika. Wilfred ankawanena mayiwa kuti amasewera ngati akusankha mbatata. Onse awiri anakankhira pakati ndalama zonse zimene anali nazo.

"Kaya n'chiyani ichi, ndangoona ofiira okhaokha," anatero mayi Ottley potembenuza awo.

Pophatikiza ndi makhadi a pakati patebulo, amene aliyense amawerengera limodzi ndi ake awiri, anali asanu otsatizana, onse a mitima, oposa ngakhale anayi ofanana. Dzanja la Wilfred silinadikire mutu wake. Makhadi ake awiri anauluka chafufumimba n'kukalowa pamulu, ndipo wogawa makhadi, amene anali ataona zimenezi kambirimbiri, anasonkhanitsa muluwo.

Kenako Wilfred anayang'ana ma eyiti awiri amene anali pakati patebulo, nkhope ili mbuu.

"Ena awiriwo anali anga," anatero motsitsa mawu. "Ndinali ndi ma eyiti anayi."

"Mwati bwanji, bambo inu?"

"Anayi, mayi."

"Nanga ali kuti?"

Wilfred anaitanitsa woyang'anira chipinda. Munthu wa tayi uja anachonderera ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anati aone kamera. Anamuyankha kuti kamera imaona kumsana kwa makhadi basi. Anati afufuze pamulu. Anamuyankha kuti ma eyitiwo angapezekedi, koma palibe angatsimikize kuti anachokera m'manja mwa munthu mmodzi. Anatchula zaka zake khumi ndi zinayi patebulopo. Anamufunsa ngati akufuna tiyi wina.

Ine ndinali nditawerengera kale gawo langa m'mutu: mapaundi 642 ndi timakobiri. Ndinalitchula mokweza kuti aliyense adziwe lake, popeza paokha sakanatha.

Mayi Ottley, amene anataya mapaundi 4,500, sanakalipe. Anasanja zimene anapambana mwadongosolo, n'kunena kuti, "Achimwene, ine nsomba yoola ndinkaionetsa kwa bwana ndisanataye. Inu mwatitayira chakudya tonse poopa kuti mayi wa kumsika angadziwe kuti wakuposani."

Thumbalo linagwa patapita masabata atatu, Loweruka, kwa ophunzira a kuyunivesite oledzera amene sankadziwa n'komwe kuti kuli mphotho.

Wilfred ku Australia sanapite. Ndinamumva ndekha ndili pamzere wa kuchimbudzi, ataima pakona ndi foni, akuuza mwana wake kuti dokotala wamuletsa kukwera ndege. Anabwereza kawiri, chifukwa mwanayo ankafunsa dzina la dokotalayo.